Mmene a Mwetulirani Anawondetsera Msewu Wonse

Dzina lawo lenileni lili pa chiphaso cha bizinesi chopachikidwa kuseri kwa chitseko, ndipo amaliwerenga ndi akangaude okha. Msewu wonse umawatchula kuti a Mwetulirani, chifukwa chiyambireni kujambula anthu zithunzi mawu awo ndi omwewo. Kaya ndi mwana wolira, kaya ndi mkulu wofuna chithunzi cha laisensi atakwinya nkhope ngati wamwa mankhwala owawa, iwo amaweramira kuseri kwa kamera n'kunena motsitsa, "Mwetulirani pang'ono." Anthu amati ngakhale wapolisi amene anawaimitsa tsiku lina chifukwa cha njinga yopanda belu anauzidwa zomwezo.

Situdiyo yawo ndi kachipinda kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi telala. Kukhoma kuli nsalu yabuluu yomwe inayamba kutuwa m'munsi, kutsogolo kwake mpando wozungulira, m'mbali nyali ziwiri za maambulera. Pakona pali tebulo, laputopu, ndi pulinta yomwe imayamba yatsokomola isanagwire ntchito. M'mawa amasesa okha, amapukuta galasi la kamera ndi kansalu kake kosagwira china chilichonse, kenako amakhala pakhomo kupereka moni kwa odutsa. Masana akazi awo amabwera ndi chakudya m'kabasiketi. Ndi mayi a thupi lawo, oseka mokweza, moti wometa tsitsi sayang'ana wotchi: akamva kuseka kudutsa khoma amadziwa kuti dzuwa lafika paliwombo. Moyo umenewu a Mwetulirani amaukonda, ndipo sachita manyazi kunena.

Ntchitoyi anaiphunzira nthawi ya mafilimu, m'kachipinda kamdima konunkha mankhwala, kwa mkulu wina wa dzanja labwino koma wa mtima wapachala. Mkuluyo maso atayamba kuchita chifunga, ana ake anabwera ndi galimoto, anatseka situdiyo, namutengera kwawo kuti akapume. Anakapumadi. A Mwetulirani atapita kukamuona anamupeza pakhonde atavala juzi dzuwa likuswa mtengo, akuganizira mitundu ya magalimoto pongomva kulira kwake. Chaka chisanathe anamuika m'manda.

Ndiye mumvetse chifukwa chimene mtima wawo unkadumphira mwana wawo woyamba akaimba foni. Mwanayo amagwira ntchito kutali, ndipo amakonda makolo ake mwaukali. Pomaliza pa foni iliyonse ankati, "Bambo, tsiku limene maso adzatope mudzandiuze. Tidzatseka kachipindako, mudzabwere kuno mudzapume."

"Maso angawa ndi a mphaka," ankayankha choncho.

Linali bodza. Nkhope ya munthu pampando ankaiona bwinobwino, koma tizilembo ta pakompyuta tinali titayamba kuwazemba. Anagula magalasi pamsika n'kumawabisa m'bokosi la mapepala a zithunzi, kuwavala pokhapokha akakhala okha. Posakhalitsa nawonso magalasiwo anayamba ulesi. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe, ndipo iwo pakhonde paja ankapaopa kuposa matenda.

Mwana yemweyo ndiye anawatumizira sikirini yaikulu yolumikiza ku laputopu, yotambalala ngati thireyi ya tiyi. A Mwetulirani anakondwera zenizeni. Munthu aliyense wa nzeru zake angaganize kuti sikirini ikakula zilembo nazonso zikula. Atalumikiza, zilembo zinatuluka zazing'ono kuposa zakale, zitangochuluka. Anaona ngati awachita chipongwe.

Kufunsa sakanafunsa, chifukwa wofunsidwayo akanafuna kudziwa kuti zilembo zawalakwira chiyani. Mlandu anayamba kuupereka kwa chingwe chatsopano chomwe chinabwera m'katoni. Anachizula, nalumikiza chingwe chakale cha mitu yabuluu chomwe chinkagona m'dirowa, ndipo chatsopanocho anamangira nacho nsalu ya kukhoma, yomwe inali itayamba kale kugwa mbali imodzi. Kenako anayamba kudinadina mausi paliponse pooneka ngati khomo, mpaka anafika pa mndandanda wa manambala. Anasankha imodzi, sikirini inathima, inayakanso, kabokosi kena kanafunsa funso lomwe sanathe kuliwerenga, ndipo asanaganize zochita zonse zinabwerera mwakale. Anayesanso, nthawi ino atakonzekera kumenya batani lalikulu la pakiyibodi msangamsanga. Zilembo zinafufuma. Anawerenga dzina la fayilo popanda magalasi, ndipo tsiku limenelo anaimba mluzu mpaka poweruka.

Vuto linaoneka mawa lake. Telala woyandikana nawo, munthu wowonda mwachibadwa, anabwera kudzajambulitsa, ndipo pasikirini anatuluka ndi masaya ngati dzungu. A Mwetulirani anayang'ana pampando, anayang'ana pasikirini, nati mumtima kamera yakalamba, yayamba kunenepetsa anthu. Iwo si munthu wopereka ntchito yolakwika. Anagwira chithunzicho m'mbali ndi mausi, nachikankhira mkati pang'onopang'ono mpaka nkhope ya pasikirini inafanana ndi nkhope ya pampando. Kuyambira tsiku limenelo chithunzi chilichonse chinkadutsa m'manja mwawo mwanjira imeneyi. Chikatuluka mu pulinta ankangoona ngati mitundu yakhala bwino, n'kuchiika mu envelopu. Sankadziwa kuti amene ankanama ndi sikirini, kamera inalibe chifukwa, ndipo papepala anthu ankatuluka atawonda.

Mukuganiza kuti alipo anadandaula? Mbiri inayenda msewu wonse mpaka misewu ina. "Pitani kwa a Mwetulirani," amayi ankauzana posoketsa zovala kwa telala, "kamera yawo ili ndi ulemu." Mwini golosale wa pakona, amene mimba yake imalowa m'chipinda iye asanalowe, anajambulitsa kawiri mwezi umodzi, chithunzi china napachika pamwamba pa kauntala. A Mwetulirani ankati ndi kayatsidwe ka nyali, luso la zaka zambiri. Anali wokhutira ndithu.

Tsiku lina akazi awo anasoketsa diresi yobiriwira, nabwera ataivala limodzi ndi kabasiketi kaja. Anakhala pampando akuseka, anajambulidwa, kenako anazungulira tebulo kudzaima kumbuyo kwa amuna awo kuti adzione. Pasikirini panatuluka mayi wotambalala kuyambira pamapewa mpaka m'chiuno. A Mwetulirani anausa moyo, poti kamera yokalambayi inali itawatopetsa.

"Dikirani, mayi, ndikukonzeni pang'ono," anatero, nayamba kukankhira mbali mkati.

Kuseka kwa mayi kunathera pomwepo. Mayi anatenga chithunzi chawo osachiyang'ana kawiri, nachiika m'kabasiketi. Masiku otsatira anasiya shuga mu tiyi. Buledi ankadya kachidutswa kamodzi, ndipo m'mawa ankadzuka kukazungulira bwalo la sukulu atavala nsapato za mwana wawo. Diresi yobiriwira sinaonekenso. A Mwetulirani anaganiza kuti ndi malangizo a kuchipatala, nawayamikira kuti akudzisamalira. Wometa tsitsi yekha ndiye anafunsa kuti bwanji masiku ano masana akumafika mwakachetechete.

Amene anagwetsa chinyengo chonse anali dalaivala wa basi. Analowa Lachisanu ali ndi envelopu m'manja, naikhutulira patebulo.

"Akana, bambo. Ku ofesi ya malaisensi akuti uyu si ine."

"Akuti ndi ndani?"

"Akuti ndi mng'ono wanga, komanso akuti akudwala."

A Mwetulirani anatenga kachithunziko, anapita nako pakhomo pamene pali kuwala, nakatalikitsa mpaka pamene dzanja limathera. Anayang'ana dalaivala, munthu wa khosi lake ndi masaya ake. Anayang'ananso kachithunziko. Nkhope inali yaitali ngati ya munthu wodziyang'anira pa supuni. Manyazi anawagwira. Anamulonjeza kuti abwerenso Lachiwiri adzamujambula bwino, ndipo atatuluka anaimbira foni mzime wawo, mwana wamkazi amene amaphunzitsa ku sekondale ya tsidya lina la tauni. Anamuuza kuti pulinta yapenga.

Mzime anabwera Loweruka chakum'mawa, nakhala pampando wa bambo ake. Pulinta sanaikhudze n'komwe. Anajambula bwalo lozungulira pakompyuta, nalitumiza ku pulinta, ndipo papepala linatuluka lozungulira bwinobwino. Pasikirini linali dzira logona chammbali. Anatenga chivindikiro cha galasi la kamera, chozungulira ngati ndalama, nachigunditsa pasikirini pamwamba pa bwalolo. Dzira linatulukira uku ndi uku.

"Pulinta ilibe mlandu, bambo. Kamera nayonso ayi. Sikirini yanuyi ndiyo ikukoka zinthu m'mbali."

Anatsegula mndandanda wa manambala uja, napeza pali 1024 ndi 768. Anawafotokozera kuti sikirini iliyonse ili ndi timadontho take towerengeka, tochuluka chotere m'litali, tochuluka chotere m'lifupi, ndipo nambala imeneyi amaitcha rezolushoni. Nambala yomwe inasankhidwayo inali ya masikirini akale aja, ofanana pafupifupi mbali zonse. Sikirini yotambalala ikapatsidwa nambala yotere imachita zomwe munthu amachita ndi nsalu yaing'ono pa matiresi aakulu, kuikoka mpaka ifike m'mphepete.

"Ndiye ingoibwezera," anatero a Mwetulirani, mawu ali pansi.

Kuibwezera kunavuta. Nambala yoyenera sikiriniyo pamndandanda panalibe. Mzime anazimitsa kompyuta, anaiyatsanso, mndandanda unali womwewo. Anauza kompyuta kuti ifufuzenso sikirini, koma inangoitchula kuti sikirini wamba, ngati mlendo wosadziwika dzina. Analowa mkati mwenimweni nalemba nambalayo ndi manja. Sikirini inada, kabokosi kena kanayamba kuyandama uku ndi uku kodandaula kuti sikangathe, kenako zonse zinabwerera ku dzira lija. A Mwetulirani anayamba kukhala ndi chiyembekezo kuti mwina zikanika.

Koma mwanayu anatengera amayi ake kusagonja. Anadzuka, nasuzumira kuseri kwa tebulo, natulutsa chingwe cha mitu yabuluu. Kamodzi mwa timano ta m'mutu mwake kanali kopindika.

"Chingwe ichi n'chakale kuposa ine. Sichikutha kuuza kompyuta kuti kutsogoloku kuli sikirini yamtundu wanji. Chomwe chinabwera m'katoni chili kuti?"

A Mwetulirani maso awo anapita okha kukhoma. Mzime anatsatira masowo, naona chingwe chakuda chatsopano chitamanga mfundo pa msomali, chitanyamula nsalu yabuluu. Anaseka mpaka anagwira tebulo. Anakabwereka kansalu kwa telala, namangira nsaluyo, chingwe n'kuchibwezera ku ntchito yake. Nthawi yomweyo kompyuta inaizindikira sikirini ndi dzina lake, ndipo pamwamba pa mndandanda panabwera 1920 ndi 1080. Anasankha. Anagunditsanso chivindikiro, ndipo bwalo linabisala lonse kuseri kwake.

"Zatheka. Taonani mmene zayeretsera."

Zinayeradi. Zilembo nazo zinabwerera kukhala nyerere. A Mwetulirani anaweramira kutsogolo, nagwedeza mutu ngati munthu amene akuwerenga, pamene sankaona kanthu koma mizere yotuwa. Ndi sikirini yonena zoona sakanatha kugwira ntchito, ndi yonama sakanatha kujambula dalaivala.

"Koma anasintha nambalayi ndani, bambo?"

"Magetsiwa akamathimathima zinthu zimasokonekera zokha," anatero, akuyang'ana pulinta.

Apo n'kuti mayi akulowa ndi kabasiketi. Mzime, chimwemwe cha ntchito yotheka chili m'mutu, anawakokera kutebulo.

"Amayi, bwerani mudzaone zomwe akhala akuchita bambo. Awondetsa msewu wonse." Anatsegula chithunzi cha mwini golosale, choyamba ndi chokonzedwa, naziika pamodzi. Kenako anapeza cha diresi yobiriwira. "Ngakhale inu simunapulumuke."

Mayi sanaseke. Anaika kabasiketi pansi, nayamba kutulutsa mbale imodziimodzi.

"Ndikudziwa, mwanawe. Ndinaliko. Ndinadziona mmene ndilili, ndinamvanso mmene bambo akowa anausira moyo." Anapukuta supuni ndi kansalu. "Sindikuwaimba mlandu. Munthu akatopa ndi thupi la mkazi wake amalikonza pamene angathe. Ine ndayesetsa, shuga ndinasiya, koma thupi la ukalamba silimva."

Ananena mosakweza mawu, ngati akunena za mtengo wa sopo, ndipo n'chimene chinawapweteka kwambiri a Mwetulirani. Miyezi yonseyi mkazi amene ankaseka mpaka kudutsa khoma ankamwa tiyi wowawa chifukwa cha iwo, iwo ali kalikiliki kumuyamikira. Akanatha kunena kuti ndi sikirini, ndipo zikanakhala zoona, koma mayi akanafunsa kuti nanga sikiriniyo inayamba bwanji kunama, ndipo bodza la magetsi silikanawachotsera munga umenewu. Mzime anali pomwepo, ndipo chimene mzime wamva, mchimwene wake amachimva lisanalowe dzuwa. M'maganizo mwawo anaona galimoto ija itaima pakhomo kudzawatenga. Komabe wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Anatsegula bokosi la mapepala, natulutsa magalasi a pamsika, nawaika patebulo pakati pa mbale.

"Mayi, sindinatope nanu. Nambalayo ndinasintha ndine, kuti zilembo zikule. Sindikuona bwino. Papita nthawi." Analoza sikirini. "Sikirini itayamba kunenepetsa anthu ndinkaganiza kuti ndi kamera, ndiye ndinkawabwezera mmene ndimawaonera. Tsiku lija ndinausa moyo chifukwa makinawa anakunamizirani. Amene anali pasikirini sanali inu. Inu ndimakudziwani."

Mayi anayang'ana magalasiwo nthawi yaitali. Kenako anakhala pampando wozungulira uja, naphimba kumaso ndi kansalu kopukutira supuni. Mapewa ankagwedezeka, ndipo panatenga kanthawi kuti zidziwike ngati akulira kapena akuseka. Zinali zonse ziwiri.

"Ndiye ine kuzungulira bwalo la sukulu ngati wothamangitsidwa ndi agalu, chifukwa cha chingwe?"

"Chifukwa cha ine, mayi. Pepani."

"Mukanandiuza bwenzi nditakuperekezani kuchipatala kalekale. Safunsa anadya phula, bambo, koma inu phulalo mwadyetsa ine."

Mzime anakoka mpando wa bambo ake, nawakhazika patsogolo pa sikirini, iye n'kuima pambali atagwira mausi. Pamwamba pa mndandanda wa manambala panali kabokosi kena kamene iwo sanakaonepo, kolembedwa 100.

"Aka ndi ka sikelo. Kamakulitsa zilembo ndi mabatani popanda kukoka chithunzi. Rezolushoni musamaikhudze, muzikhudza aka. Ndizikweza, inu munene pamene mwayamba kuwerenga."

Anaika 125. A Mwetulirani anapukusa mutu. Anaika 150, iwo anatsinzina diso limodzi, napukusanso. Kupukusa mutu pamaso pa mwana wawo kunali kowawa, koma kunali kopepuka kusiyana ndi kunamizira. Pa 175 zilembo zinaima chilili, zakuda, zakuthwa m'mphepete kuposa zofufuma zija.

"Dalaivala, laisensi, chokonzedwa," anawerenga mokweza dzina la fayilo. Anawerenganso lina, ndi lina, ngati mwana amene wangodziwa kumene kuwerenga zikwangwani za m'misewu.

Pulogalamu yawo yakale yokonzera zithunzi inayamba yachita makani, zilembo zake zili mbuu, mpaka mzime anatseka zonse n'kuyatsanso kompyuta. Itayaka inagonja. Anawaonetsanso kuti laputopu ili ndi sikelo yake, sikirini yaikulu ilinso ndi yake, choncho asadabwe windo la pulogalamu likasintha msinkhu polikokera uku ndi uku. Pomaliza anawapatsa chivindikiro cha kamera kuti ayese okha. Bwalo linali likadali lozungulira.

"Kabokosi kameneka kanalipo nthawi yonseyi?"

"Kanalipo, bambo. Koma kali ndi polekezera. Maso akapitirira kutsika, manambala adzatha. Lolemba tipite kwa dokotala wa maso. Mwina ndi magalasi enieni chabe, mwina ndi ng'ala, ndipo ng'ala amachotsa." Anazengereza pang'ono. "Achimwene ndiwauze ine, kapena ndikhale chete?"

A Mwetulirani anayang'ana nsalu yabuluu, nyali za maambulera, ndi mayi amene tsopano ankafunafuna chinachake m'kabasiketi uku akudziseka okha. Mantha analipo ndithu, sanachoke. Koma kubisa kunali kutawadyera zambiri kuposa zomwe ankateteza.

"Muimbire. Ndilankhula naye ndekha. Manambala a pafoniyo nawonso sindimawaona."

Mzime anaimba, nawapatsa foni. Inaitana kangapo, kenako mawu a mwana woyamba anamveka, odabwa kuti bambo aimba okha masana a Loweruka. Anapatsana moni, anafunsana za ana ndi za mvula. Kenako a Mwetulirani anakhala tsonga pampando wawo.

"Mwanawe, unati ndidzakuuze tsiku limene maso adzatope. Atopa. Lolemba mlongo wako andiperekeza kuchipatala." Kumbali inayo kunayamba kumveka mawu ofulumira, koma iwo sanawapatse mpata. "Ayi, tamvera kaye. Lachiwiri ndili ndi dalaivala wa basi woti ndimujambule, ndinamulonjeza. Ukafuna kubwera ubwere, tidzakondwa. Koma galimotoyo ubwere nayo yopanda malo a katundu wanga."